LUSO LA PAKHOMO: Kusintha nokha masipika a m'zitseko za galimoto

Mwezi uno tikambirana za kachipangizo kamene kamabisala m'kati mwa chitseko cha galimoto. Anthu sakaganizira nthawi imene kali bwino, koma kakangoyamba kusasa mawu ulendo wonse umasanduka wotopetsa. Tikunena sipika, ija imatulutsa mawu a wailesi. Polemba nkhaniyi tikuganizira makamaka eni magalimoto a m'boma la Luangwa, lija akuluakulu amalitchabe Feira, ngakhale kuti malangizowa angathandize aliyense wokhala kutali ndi tauni.

Kuchokera ku Lusaka kukafika pa Boma, pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, ndi mtunda wa makilomita oposa 300. Munthu amatsata Great East Road mpaka pafupi ndi mlatho wa Luangwa, napatukira kumanja, n'kuyendanso makilomita pafupifupi 90 kudzera ku Chitope ndi ku Katondwe. Dzina lakuti Feira m'Chipwitikizi limatanthauza msika, ndipo malonda sanathe kumeneko. Magalimoto amanyamula nsomba zouma, makasitomala ndi katundu wa m'magolosale, mmawa ndi madzulo. Kwa dalaivala wa ulendo wautali chonchi, wailesi ndi mnzake womuuza nkhani za dziko, zotsatira za mpira ndi mauthenga a maliro. Koma sitolo zogulitsa zipangizo zake zili ku Lusaka. Munthu akalakwitsa pogula kapena pomanga, kulakwako kumalipidwa ndi ulendo wina wa tsiku lathunthu.

Mfundo yathu ndi imodzi. Ntchito yosintha masipika munthu wodekha angathe kuigwira yekha pakhomo, pansi pa mtengo wa mthunzi. Koma mawu abwino sachokera ku manambala akuluakulu olembedwa pa bokosi. Amachokera ku sipika yogwirizana ndi wailesi yanu, yomangidwa bwino pamalo pake.

Chimene chimapha sipika m'chigwa

Sipika ndi chinthu chapafupi kuchimvetsa. Kumbuyo kwake kuli maginito. M'kati mwa maginitowo mumayenda kawaya kopyapyala kokulungidwa mozungulira, ndipo kawayako n'komatidwa ku mbale ya pepala kapena ya pulasitiki. Magetsi ochokera ku wailesi akadutsa m'kawayako, mbale ija imanjenjemera n'kukankha mpweya, ndipo makutu athu amamva mawu. M'mphepete mwa mbaleyo muli mkombero wofewa wa siponji kapena wa labala, umene umailola kuyenda kutsogolo ndi kumbuyo. Kapangidwe kameneka anakafotokoza Chester Rice ndi Edward Kellogg a kampani ya General Electric ku America m'chaka cha 1925, ndipo mpaka lero maziko ake sanasinthe.

Magalimoto ambiri oyenda m'misewu yathu, monga Corolla, Noah ndi Hiace, anabwera kuchokera ku Japan atagwira kale ntchito zaka zingapo. Masipika ake ambiri ndi a pepala, okhala ndi maginito ang'onoang'ono. Akafika m'chigwa cha Luangwa amakumana ndi adani atatu. Woyamba ndi kutentha. Aliyense amadziwa mmene dzuwa la mwezi wa October limaswera mtengo kumeneko, ndipo m'kati mwa chitseko chachitsulo mumatentha kuposa panja. Siponji ya mkombero imauma n'kuyamba kufumbutuka. Wachiwiri ndi fumbi. Ngakhale msewu waukulu unaikidwa phula, njira zopita kumidzi monga ku Kavalamanja ndi kumadooko zimagwedeza galimoto ndi kuidzaza fumbi, limene limalowa pakati pa maginito ndi kawaya kaja. Wachitatu ndi madzi. Mvula ikagwa, madzi ena amatsika ndi galasi kulowa m'chitseko, ndipo pepala likanyowa ndi kuuma kangapo limapindika.

Yambani mwafufuza

Musanatulutse ndalama, tsimikizani kuti wodwalayo ndi sipikadi. Wailesi iliyonse ili ndi poyendetsera mawu kumanzere kapena kumanja, ndipo zambiri zilinso ndi poyendetsera kutsogolo kapena kumbuyo. Pititsani mawu ku chitseko chimodzi chimodzi, mukumvetsera. Sipika imene ikusasa kapena kulira ngati nsabwe za m'masamba zalowamo, ndiyo yong'ambika. Koma imene yangoti zii, kapena imalankhula pokhapokha chitseko chikatsekulidwa, kawirikawiri si yakufa. Vuto limakhala waya woduka m'kathumba ka labala kamene kali pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, pakuti waya ameneyu amapindika nthawi zonse chitseko chikatsegulidwa ndi kutsekedwa. Kulumikiza waya wotere sikufuna ulendo wa ku Lusaka.

Palinso dandaulo lina limene anthu amanamizira masipika. Wailesi zambiri zobwera ndi magalimoto a ku Japan zimagwira FM kuyambira pa 76 kulekeza pa 90, pamene nyumba zoulutsira mawu za kuno zimaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108. Motero masiteshoni ambiri sapezeka konse. Mankhwala ake ndi kabokosi kakang'ono kotchedwa band expander, kolumikiza pa waya wa eriyo, kapena kugula wailesi ina. Sipika yatsopano singathetse vuto limeneli.

Masulani musanagule

Langizo lathu lalikulu ndi ili: masulani sipika yakaleyo poyamba, ndipo mupite nayo kusitolo, kapena muitumize ndi munthu wokhulupirika amene akupita ku Kamwala. Safunsa anadya phula. Zitseko zakutsogolo za magalimoto ambiri a Toyota zimalandira sipika ya masentimita 16, imene amalonda amaitchula kuti ya mainchesi 6 kapena 6.5, koma magalimoto ena ali ndi za masentimita 13 kapena 10. Kukula kwa pakamwa pokha sikokwanira. Yezaninso kuya kwake, kuchokera pa mkombero kukafika kumapeto kwa maginito. Galasi la windo likatsika limadutsa kumbuyo kwa sipika. Maginito aakulu kwambiri akagundana ndi galasilo, mwina windo silitsika, mwina galasi limasweka, ndipo mtengo wa galasi umaposa wa masipika awiri.

Chikomekome cha mkuyu

Tsono tifike pa manambala. Pa mabokosi a masipika pamalembedwa 300W, 600W, ena mpaka 1000W, ndi zilembo zofiira zazikulu. Makolo anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nambala imeneyi ndi mphamvu imene sipika ingapirire kwa kamphindi kochepa chabe. Nambala yoona ndi ija yalembedwa ndi tizilembo tating'ono pambali pa mawu akuti RMS, imene imanena mphamvu yoti sipika ingalandire kwa nthawi yaitali. Dziwaninso kuti sipika sipanga mphamvu. Imangolandira kuchokera ku wailesi. Wailesi wamba ya m'galimoto, ngakhale italembedwa kuti 50W x 4, imapereka mawati apakati pa 15 ndi 22 a RMS ku sipika iliyonse. Kugula sipika yolemera yofuna mawati 100 n'kuilumikiza ku wailesi yotere kuli ngati kumanga ngolo ya ng'ombe zinayi pa bulu mmodzi.

Nambala yofunika kuiyang'ana ndi ija imasonyeza kupepuka kwa sipika polankhula, yolembedwa ndi zilembo dB, kawirikawiri pakati pa 87 ndi 93. Ikakwera ndi 3, ndiye kuti sipikayo ikufuna theka chabe la mphamvu kuti itulutse mawu ofanana. Sipika ya 91 dB imalankhula ndi mawati 10 monga mmene ya 88 dB ingalankhulire ndi mawati 20, malinga ngati zonse zinayezedwa mofanana. Kwa munthu wa wailesi wamba, sipika yopepuka ya mawati 30 kapena 40 a RMS ndiyo yoyenera.

Nambala yachitatu ndi ya ma ohm, imene imalembedwa kumbuyo kwa maginito. Wailesi za m'galimoto zinapangidwira masipika a 4 ohm. Anyamata ena, pofuna phokoso lochuluka, amalumikiza masipika awiri pa mawaya a sipika imodzi. Akatero ma ohm amatsika kufika pa 2, wailesi imakoka magetsi ochuluka, imatentha, ndipo tsiku lina imapsa. Ena amachotsa sipika m'chiwailesi cha m'nyumba, ya 6 kapena 8 ohm. Imeneyi siononga wailesi, koma mawu ake amakhala otsika, ndiponso sinapangidwe kuti ipirire madzi ndi kutentha kwa m'chitseko.

Kwa nyengo ya m'chigwa sankhani sipika ya mbale ya pulasitiki ndi mkombero wa labala, osati wa siponji. Zabwino kwa wogwira ntchito yekha ndi zija zili ndi kasipika kena kakang'ono pakati, kotulutsa mawu apamwamba, chifukwa zimalowa pamalo pa yakale popanda mawaya owonjezera. Mayina odziwika monga Pioneer, Sony, Kenwood ndi JBL ali ndi zinthu zabwino, koma pamsika palinso zachinyengo zobvala mayina omwewo. Pemphani kuti akuyeserenitu m'sitolo momwemo, ndipo lisiti muisunge. Gulani ziwiri zofanana, ya kumanzere ndi ya kumanja, ngakhale yafa ndi imodzi.

Kagwiridwe ka ntchito

Zida zake ndi zochepa: sikuludiraiva ya nyenyezi ndi yafulati, sipanala ya 10, pulayala, tepi yakuda ya magetsi, kansalu, batire limodzi la tochi, ndi mbale yoikamo timabawuti kuti tisasowe mumchenga. Yambani mmawa kusanatenthe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba tsitsani galasi mpaka pansi, zimitsani galimoto, ndipo masulani waya wa nekativi pa batire. Wailesi zina, makamaka zija zili ndi kanema wa mapu a ku Japan, zimafuna nambala yachinsinsi kapena kakhadi kake magetsi akadulidwa. Tsimikizani kuti muli nazo musanamasule batire.

Chachiwiri chotsani chikuto cha m'kati mwa chitseko. Timabawuti take timabisala kumbuyo kwa chotsegulira, m'kati mwa chogwirira ndi m'mphepete. Ngati windo ndi lopukusa ndi dzanja, chopukusiracho chimagwidwa ndi kawaya kooneka ngati nsapato ya kavalo, kamene kamatuluka mukapitiriza kansalu kumbuyo kwake ndi kukokera uku ndi uku. Kenaka kulungani sikuludiraiva yafulati m'kansalu, ilowetseni pansi pa chikutocho, n'kumakanula pang'onopang'ono. Timapini tapulasitiki timene tagwira chikuto timakhala touma ndi dzuwa ndipo sitichedwa kuthyoka. Tikamasuka tonse, nyamulani chikutocho chokweza m'mwamba, koma musachikoke msanga, pakuti kumbuyo kuli mawaya a maswichi a mawindo ofunika kuwazula mosamala.

Mudzaona pepala la pulasitiki lomatidwa pa chitsulo. Ambiri amaling'amba n'kulitaya, poganiza kuti ndi la m'fakitale chabe. Pepala limeneli ndilo limatchinga madzi ndi fumbi kuti zisafike pa chikuto ndi m'kati mwa galimoto. Ngati likutchinga, limatuleni pang'ono pokha ndipo mudzalibwezeretse.

Chachitatu chotsani sipika yakale. M'magalimoto ambiri a Toyota sipika inamangidwa ndi maliveti atatu, osati mabawuti. Mitu ya malivetiwo imachotsedwa ndi choboolera. Kumenya ndi tchizulo ndi hamala kumapinda chitsulo cha chitseko. Mabowo a sipika yatsopano kawirikawiri sagwirizana ndi akale. Pamenepa pamafunika mkombero wolumikizira. Ilipo yogulitsa ya pulasitiki, koma mmisiri wa matabwa aliyense angathe kukudulirani wa pulayiwudi potsata sipika yakale. Upakeni penti kapena vanishi mbali zonse kuti usafufume ndi madzi.

Chachinayi ndi mawaya. Sipika ili ndi miyendo iwiri, wa + ndi wa −, ndipo kawirikawiri wa + ndiwo waukulupo. Ngati zizindikiro sizikuoneka, gwiritsani ntchito batire la tochi la mavoti 1.5. Gunditsani mawaya a sipika ku batirelo kwa kamphindi. Mbale ikatulukira kunja, waya umene wakhudza kumutu kwa batire ndiwo wa +. Yesani motero sipika yakale musanadule mawaya ake, kuti mudziwe mtundu wa waya wa + wa galimoto yanu. Kufunika kwake n'kotani? Masipika awiri ayenera kukankha mpweya nthawi imodzi, monga anthu awiri opalasa bwato. Imodzi ikamakankha pamene inzake ikukoka, mawu apansi amafafanizana, ndipo nyimbo imamveka yopanda thupi.

Chenjezo lina ndi ili: musalumikize waya uliwonse wa sipika ku chitsulo cha galimoto, monga tinkachitira ndi wailesi zakale. M'wailesi za masiku ano mawaya onse awiri amanyamula magetsi, ndipo limodzi likakhudza chitsulo wailesi ingathe kupsa. Polumikiza, kupota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi sikukhalitsa, chifukwa tepi imamatuka ndi kutentha. Ndi bwino kuwotcherera ndi mtovu, kapena kugwiritsa ntchito timapini tolowetsa tofinya ndi pulayala. Ndipo mukaona mawaya kapena mapulagi achikasu, asiyeni. M'magalimoto ambiri amenewo ndi a zikwama za mpweya zoteteza anthu pangozi.

Chachisanu ndi kumanga, ndipo apa ndi pamene pagona mawu abwino. Taganizani za ng'oma. Chikopa chingakhale chabwino chotani, ngati sichinakhomedwe molimba kuzungulira pakamwa ponse pa mtengo, ng'omayo imangoti phwaphwa. Sipika nayo imatulutsa mawu kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Pakakhala mpata pakati pa sipika ndi chitseko, mpweya wa kumbuyo umathawira kutsogolo n'kufafaniza mawu apansi. Tsekani mpatawo ndi kasiponji kopyapyala kapena labala wodulidwa ku chubu chakale cha njinga. Mangani timabawuti mosinthanasinthana, ili ndi la kutsidya kwake, osalimbitsa kwambiri mpaka kupinda mkombero. Waya aliyense wolendewera mumangirire kuti asakodwe ndi galasi. Onaninso timabowo ta pansi pa chitseko totulutsira madzi. Kawirikawiri timatsekeka ndi matope, ndipo kutitsegula ndi kawaya kumatalikitsa moyo wa sipika ndi wa chitseko chomwe.

Musanabwezeretse chikuto, lumikizani batire ndi maswichi, kwezani ndi kutsitsa galasi kangapo mukumvetsera ngati likukhula penapake. Kenaka yatsani wailesi. Ku Feira kumakumana nyimbo za maiko atatu, pakuti Zumbo wa ku Mozambique ali kutsidya kwa Luangwa ndipo Kanyemba wa ku Zimbabwe ali kutsidya kwa Zambezi. Choyesera sichisowa. Ikani kalindula wa P.K. Chishala kapena sungura ya Alick Macheso, nyimbo zimene gitala ya besi imatsogolera. Yendetsani mawu kumanzere kokha, kenaka muwabwezere pakati. Ngati besi ikuchepa mawu akakhala pakati, ndiye kuti mawaya a sipika imodzi atembenuzidwa. Pomaliza mverani wowerenga nkhani pa Radio 1 ya ZNBC. Liwu la munthu likamamveka loyera, ntchito yatheka.

Pali magalimoto ena amene ali ndi chokuzira mphamvu chapadera chochokera kufakitale, chobisika pansi pa mpando kapena kumbuyo, ndipo masipika ake sakhala a 4 ohm nthawi zonse. Mukapeza nambala yachilendo pa sipika yakale, kapena mawaya oposa awiri, imani ndipo mukafunse mmisiri wa magetsi a galimoto. Kudziwa polekezera ndi mbali ya luso.

Mawu oyera, osati phokoso

Tsopano funso lenileni: tasinthiranji masipika? Sipika yong'ambika imachititsa dalaivala kukweza wailesi kuti amve zimene zikunenedwa, ndipo akakweza kusasa kumawonjezeka. Phindu la sipika yabwino ndi lakuti mawu amamveka bwino ali otsika. Amene wamanga masipika atsopano n'kumawakweza mpaka kumapeto wataya phindu lonse. Wailesi ikakakamizidwa kupitirira mphamvu yake imatulutsa magetsi ophwanyika amene amatenthetsa kawaya ka m'sipika, makamaka m'kasipika kakang'ono kaja. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Koma pali chinthu china chimene chimang'ambika mwakachetechete, ndipo sichigulidwa ku Kamwala. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linachenjeza m'chaka cha 2015 kuti achinyamata okwana 1.1 biliyoni ali pa chiopsezo cha kugontha kaamba ka kumvera nyimbo mokweza ndi kukhala m'malo aphokoso. Bungweli limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumva mawu a madesibelo 80, ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo 3 okha, nthawiyo imadulidwa pakati. Dalaivala ndi kondakitala wa minibasi amakhala m'galimoto maola oposa pamenepo. Tizigawo ta m'kati mwa khutu timene timamva mawu tikafa sitimeranso. Muyezo wapafupi ndi uwu: ngati mukufunika kufuula kuti mnzanu wa pampando wa pambali akumveni, wailesi yakwera kwambiri. Ngati madzulo m'makutu mukulira nsikidzi za mawu osatha, thupi likukuchenjezani.

Dalaivala amayendetsanso ndi makutu. Msewu wa ku Feira umadutsa m'midzi ya mafumu Mburuma ndi Mphuka, mmene ana a sukulu, apanjinga ndi mbuzi amagawana msewu ndi magalimoto, ndipo njovu zimaoloka popita kumtsinje. Hutala ya galimoto ya kumbuyo, kufuula kwa munthu wochenjeza, kulira kwachilendo kwa tayala kapena kwa injini, zonsezi zimafuna khutu lomasuka. Ndiponso amene takweza si onse ali paulendo wa chisangalalo. Wina akuperekeza wodwala ku chipatala cha Katondwe, wina akuchokera ku maliro, mayi wina wagoneka khanda pamsana movutikira. Iwo alipira ulendo, sanalipire dansi. Kufunsa kuti, "Amayi, kodi wailesiyi siikukusokonezani?" sikuchotsa ulemu wa dalaivala, koma kumauwonjezera.

Kumbukiraninso batire. Kuimika galimoto padooko kudikira mabwato a nsomba, injini ili chizimire koma wailesi ikulira maola atatu, mapeto ake ndi kupempha anyamata kuti akukankheni.

Pomaliza tinene za ndalama, pakuti galimoto ya malonda ndi munda wa banja lonse. Masipika asatsogole pamene matayala atha, mabuleki akulira, kapena fizi ya ana sinalipidwe. Koma zofunikazo zikakwanira, masipika awiri oyenera, omangidwa ndi manja anu Loweruka limodzi, adzakutumikirani zaka zambiri. Itanani mwana wanu, wamwamuna kapena wamkazi, akugwirireni tochi ndi mbale ya timabawuti. Adzaphunzira kuyeza asanagule, kuwerenga tizilembo tating'ono ta pa bokosi, ndi kumasula chinthu popanda kuchithyola. Maphunziro amenewa adzamuthandiza pa zinthu zambiri zoposa wailesi.

Mwezi wamawa tidzakambirana za kasamalidwe ka batire la galimoto m'nyengo yotentha. Mpaka nthawi imeneyo, yendani bwino, ndipo mukafike.